Mayi Makwinja ndi Matchera 48

Ndinayendetsa galimoto zaka khumi ndi zinayi pa ofesi ina ya chitukuko cha ulimi ku Liwonde, ndipo pa zaka zonsezo sindinamvepo Mayi Bernadetta Makwinja, wotayipa wa pa ofesipo, akunena kuti "kaya". Enafe tinkadalira mawu amenewa ngati ndodo. Masiku amenewo, chipani chili chimodzi, "kaya" ankamupulumutsa munthu ku zambiri. Koma mayi amenewa ukawafunsa kanthu, ankakuyankha kuti n'chakutichakuti, apo ayi ankakuuza kuti ubwere mawa adzakhala atadziwa. Mawalo ukabwera unkapeza akudziwadi. Zinkatopetsa, ndisaname.

Kwawo kunali ku Utale. Bambo awo ankakonza njanji, amayi awo ankalima thonje ndi kuweta mbuzi. M'nyumba ya ana asanu ndi awiri, Bernadetta ndiye ankapatsidwa mpeni pakapezeka nzimbe imodzi kapena papaya limodzi, chifukwa iye akadula panalibe wolira. Sukulu anailekezera Fomu 2 chaka chimene thonje linapsa ndi dzuwa, ndipo masisitere a kumishoni anamuphunzitsa kutayipa kuti asangokhala. Anakwatiwa ndi a Ambrose, mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa amene ankatiuza akuseka kuti kunyumba kwawo mikangano imatha msanga, poti iwo amalowamo ataluza kale.

Kompyuta itafika pa ofesi pathu mu 1991, inapatsidwa chipinda chakechake, fani yakeyake ndi nsalu yofunda, zinthu zimene ine wa zaka khumi pantchito ndinali ndisanapatsidwepo. Mzungu amene anabwera nayo anaphunzitsa anthu masiku atatu n'kubwerera kwawo. Makalaliki aamuna, amene pophunzirapo ankagwedeza mitu ngati zonse zikulowa, anayamba kuchilambalala chipindacho. Mayi Makwinja anatenga buku la makinawo, lonenepa ngati njerwa ziwiri, n'kumaliwerenga nthawi ya nkhomaliro uku akudya chinangwa chophika. Pofika Khirisimasi, ngakhale bwana ankagogoda asanalowe m'chipinda cha kompyuta.

Chimene ankachikonda kwambiri m'makinamo chinali sipuredishiti. Ine ndinkaiona ngati bawo lalikulu: timabokosi m'mizere yotsika ndi yopingasa, kabokosi kalikonse kakudikira nambala yake. Kusiyana kwake n'kwakuti kabokosi ukakauza lamulo, kamawerengera kokha. Ankawerengeramo mbewu, mvula ndi maekala a alimi. Koma chimene ndimawakumbukira nacho si ntchito ya pa ofesi ayi. Ndi matchera a malemu Uladi.

Pamsika wa Liwonde panali mayi wina wa ku Chiuta, dzina lake Sofia, amene ankagulitsa nsomba zouma. Mayi Makwinja ankagula kwa iye yekha, ati chifukwa milu yake inali yofanana. Kumayambiriro kwa 1992 Sofia anasowa pamsika miyezi yoposa inayi. Atabweranso, tinamva kuti mwamuna wake, Che Uladi, anamwalira, ndipo iye anali m'nyumba monga amachitira mkazi wachisilamu akaferedwa. Tsiku limenelo ndinali nawo Mayi Makwinja, nditawanyamulira dengu, ndiye zonse ndinazimva ndi makutu anga.

Che Uladi anasiya matchera 48, maukonde aja amatchera m'madzi n'kuwasiya kuti nsomba zikodwe zokha. Asanamwalire ananena pamaso pa anthu kuti katundu wake asadzagawidwe mwachikhalidwe, adzagawidwe monga linenera buku la chipembedzo chake. Tsiku logawa, Shehe Sidik anali chigonere ndi malungo, choncho anangotumiza kapepala. Kanati mkazi alandire gawo limodzi mwa magawo 8, mayi wa malemu gawo limodzi mwa magawo 6, ana aakazi awiriwo magawo awiri mwa magawo atatu, ndipo chotsala chipite kwa mng'ono wa malemu, Che Usumani.

Sofia sankadandaula ayi. Ankangofotokoza mmene zinathera: iye analandira matchera 6, apongozi ake 7, ana ake Zaina ndi Nafisa 23, Che Usumani 12. Chimene chinkamupweteka chinali Nafisa, wamng'onoyo, amene anali Fomu 1 kusukulu yogonera konko. Matchera otsala pakhomo akanatha kudyetsa banja, koma osati kudyetsa banja ndi kuphunzitsa mwana. Teremu imeneyo ikatha, Nafisa anayenera kubwerera kudzathandiza kuyanika nsomba.

Ndinaona Mayi Makwinja atasiya kusankha nsomba za makumba. Anafunsa kuti anthuwo anagawa bwanji, ndipo Sofia anati anagawa monga amagawira nsomba padoko. Anaunjika matchera onse n'kuchotsapo gawo la mkazi. Pa 42 otsalawo anachotsapo gawo la apongozi. Pa 35 otsalawo anapanga milu itatu ya 11, awiri n'kutsala padera. Ana anatenga milu iwiri, ndipo Che Usumani, mwa chifundo chawo, anawaonjezera ukonde umodzi mwa awiri apaderawo. Anthu anawayamikira kwambiri chifukwa cha mtima wabwino umenewo.

"Mayi a Zaina, ana anu aperewera matchera naini," anatero Mayi Makwinja. "Nafisa asatulutse katundu wake kusukulu."

Sofia anachita mantha. Anati iye sangatsutse zimene amuna anagawa, komanso mlamu wakeyo si wakuba. Mayi Makwinja anati iwonso sakunena kuti pali wakuba. Vuto linali lakuti gawo lililonse limayenera kuchokera pa mulu wonse, osati pa zotsala. Ine ndinalowererapo, poti pakamwa panga sipakhala chete. Ndinati kunyanja sangamve zimenezo, chifukwa wina akufuna mulu ugawidwe pasanu n'patatu, wina pasanu n'kamodzi, wina patatu, ndipo mulu umodzi sungagawidwe m'njira zitatu nthawi imodzi. Anandiyang'ana ngati mwana wa sukulu amene wayankha bwino mwangozi. Anati funso lake ndi lomwelo, ndipo ndibwere ku chipinda cha kompyuta belu la nkhomaliro likalira.

Ndinapitadi, ndipo kanali koyamba kukhala pampando m'chipinda chimenecho. Anandiuza kuti tikufuna nambala imodzi ya milu imene 8, 6 ndi 3 onse alowamo popanda chotsala. Njira ya aulesi ndi kungochulukitsa atatuwo, n'kupeza 144. Nambala imeneyo ndi yoona, koma kuti upange milu 144 ndi matchera 48 uyenera kudula ukonde uliwonse patatu, ndipo ana angalandire nsanza. Tinkafuna nambala yaing'ono kwambiri yogwira ntchito yomweyo.

Mumzere woyamba wotsika anaika manambala kuyambira 1 mpaka 144. Pamwamba pa mzere wachiwiri analemba kalamulo kotchedwa MOD, kamene ntchito yake ndi kunena chotsala ukagawa nambala ina ndi inzake, ndipo anakauza kuti kagawe ndi 8. Mumzere wachitatu anakauza kuti kagawe ndi 6, wachinayi ndi 3. Mzere wachisanu anaupatsa ntchito yophatikiza zotsala zitatuzo. Malamulowa anawalemba kamodzi kokha pamwamba, kenaka anawakopera mpaka pansi, ndipo timabokosi tonse tinadzaza ndisanamalize n'komwe kukanda m'mutu.

Anandiuza kuti nditsike ndi chala mumzere wachisanu mpaka ndipeze ziro woyamba. Pa 6 ndinaona maziro awiri, koma mzere wa 8 unakana. Pa 8 mzere umenewo unavomera, inayo n'kukana. Pa 12 ndinatsala pang'ono kukuwa, koma panali 4 wotsala. Chala changa chinaima pa 24, pamene mizere yonse inagwirizana ngati anthu otuluka m'tchalitchi chimodzi.

Zotsalazo zinali zophweka ngakhale kwa dalaivala. Pa milu 24, mkazi atenga itatu, mayi inayi, ana 16, zonse pamodzi 23, ndipo mulu umodzi utsalira mng'ono wa malemu. Mulu uliwonse unali wa matchera awiri. Ndiye kuti Sofia analandira zake zoyenera, apongozi anaperewera ukonde umodzi, ana anayenera kukhala ndi 32, ndipo Che Usumani, amene anali ndi 12, gawo lawo linali matchera awiri basi. Makina osindikiza analira ngati macheka, pepala n'kutuluka.

Ndinawafunsa ngati zonsezi sakanatha kuziwerengera m'mutu.

"Ndinawerengera kale tili kumsika, a Willard," anatero akupinda pepalalo. "Koma kunyanja uko ndikakanena kuti zachokera m'mutu mwanga, akandifunsa kuti mwamuna wanga ndani."

Kwa bwana sanapite mozembera. Anawauza kuti Loweruka galimoto ikamapita ndi mbewu ku Chiuta akwera nawo, ndipo anawaonetsa ndi pepala lomwe. Bwana anangoti tisachedwe. Tinadutsa ku Ntaja, fumbi lili koboo, matumba akugundana kumbuyo. Njira yonse ine ndinkawachenjeza kuti ndi mkazi, ndi Mkatolika, ndi mlendo, ndipo akupita kukalanda munthu matchera khumi pakati pa abale ake. Anati zonsezo akuzidziwa, ndipo ndiyang'ane maenje.

Sofia anali atatumiza kale uthenga, choncho tinapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mathandala oyanikira nsomba. Shehe Sidik, nkhalamba yowonda imene malungo anali atangoisiya, anthu anabwera nayo panjinga. Abiti Sadiki, mayi wa malemu, anakhala pamphasa ya azimayi limodzi ndi Sofia ndi Zaina, mtsikana wa zaka 19 wa maso osathawa munthu. Che Usumani anali munthu wamtali, wa manja ong'ambika ndi zingwe. Nditangowaona ndinadziwa kuti Sofia ananena zoona, munthuyu sanali wakuba. Anali ndi ana asanu, ndipo matchera 12 aja anali atawatchera kale m'madzi m'mawa womwewo.

Mayi Makwinja anafunda mpango kumutu, anagwada popereka moni, n'kukakhala kwa azimayi. Pepala anandipatsa ine kuti ndikapereke kwa amuna. Linayenda m'manja ambiri, ena akuligwira mozondotsa, onse mwaulemu. Litafika kwa Che Usumani, analiyang'ana pang'ono n'kufunsa ngati makina amenewo anakwerapo bwato. Anthu anaseka, ndipo inenso ndinaseka nawo, ndivomere.

Kenaka analankhula modekha. Anati chibadwire chawo nsomba amagawa choncho: mwini matchera amatenga pamulu, woongolera bwato amatenga pa zotsala, opalasa pa zotsala za zotsalazo, ndipo palibe anayamba wapita nazo kubwalo.

"Mulu ukachotsapo umachepa, mayi," anatero. "Tsono mungatenge bwanji gawo pa zinthu zoti zanyamulidwa kale?"

Amuna onse anavomereza, ndipo ine ndinaona kuti pepala lathu lafera pomwepo. Mayi Makwinja sanaliteteze n'komwe. Anapempha chilolezo kwa Shehe kuti aime, ndipo anapempha Zaina kuti abweretse makumba ouma 48 kuchokera pathandala. Anawayala pamchenga awiriawiri, mizere inayi ya milu isanu ndi umodzi. Anati nsomba iliyonse ndi ukonde umodzi, ndipo pasapezeke wonyamula kanthu mpaka onse ataona gawo lawo.

"Che Usumani, inu ndinu odziwa kugawa kuposa ine," anatero. "Werengani nokha. Musachotse, muzingoloza."

Che Usumani anagwada. Anawerenga milu n'kupeza 24. Atafunsidwa gawo limodzi mwa magawo 8, anayendetsa chala n'kunena kuti itatu, ndipo Mayi Makwinja anaizungulira ndi kamtengo pamchenga. Pa gawo la mayi awo, milu yonse ikadali pamaso pawo, ananena kuti inayi, ndipo nayonso inazunguliridwa. Pa gawo la ana anachedwa. Anawerenga kawiri, milomo ikugwedera, n'kunena kuti 16. Kamtengo kanazungulira mizere iwiri yathunthu ndi milu inayi ya mzere wina. Kunja kwa milu yonse yozunguliridwayo kunatsala nsomba ziwiri, ndipo panalibe anafunikira kuuzidwa kuti n'zayani.

Shehe Sidik anafunsa kuti milu ija inali ingati, ndipo atamva kuti 24 anatseka maso. Anati mwalimu amene anawaphunzitsa ali mnyamata ankanena kuti pamene gawo la 8 lakumana ndi gawo la 6, chuma chimayalidwa pa 24. Iwo analemba magawo okha pakapepala poganiza kuti kuwerengako n'kodziwika. Anati cholakwa ndi chawo, osati cha Usumani, ndipo adzayankha okha pamaso pa Mulungu ngati ana amasiye adyeredwa chifukwa cha malungo awo.

Ine maso anga anali pa ana a Che Usumani, amene anaima kuseri kwa thandala. Ndinamva chisoni, ndipo ndinapsa nawo mtima pang'ono Mayi Makwinja ndi masamu awo osadziwa kuti munthu ali ndi ana angati. Nditawayang'ana ndinaona kuti iwonso awaona anawo. Zala zawo zinkapotokola nsonga ya chitenje, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Koma sanabweze mawu ngakhale amodzi, ndipo sananene kuti mwina tikumane pakati.

Che Usumani anadzuka, anasasa mchenga m'maondo, n'kulunjika kunyanja. Ena anati akwiya, ena anati tiwasiye mtima utsike. Tinaona akukankha bwato ndi anzawo awiri mpaka analowa m'mabango. Ine ndinati tizipita dzuwa lisanapendeke, poti bwana anati tisachedwe, koma Mayi Makwinja anakhalanso pamphasa n'kunena kuti nkhani sinathe. Tinadikira maola awiri. Abiti Sadiki, amene mwana wawo mmodzi anali m'manda ndipo winayo anali atangosauka pamaso pawo, ankangoyang'ana kunyanja nthawi yonseyo.

Bwato litabwera, amuna atatuwo anatsitsa matchera akudontha madzi. Che Usumani anaika umodzi pamapazi pa mayi awo. Enawo anawanyamula maulendo atatu n'kuwaunjika patsogolo pa Zaina, akuwerenga mokweza mpaka naini. Nsomba sanazichotsemo. Makumba ndi milamba zinali zikuphiriphithabe m'maukondemo, ndipo wina atafuna kuyamba kuziwonjola, anamuletsa. Anati matchera anali a ana kuyambira tsiku limene mkulu wawo anamwalira, ndiye nsombazonso n'za ana.

Sofia analira, ndipo kanali koyamba tsiku limenelo. Anauza Mayi Makwinja kuti Lolemba atumiza uthenga kusukulu kuti Nafisa apitirize.

Che Usumani sanachoke. Anaima pamenepo, malaya atanyowa mpaka m'khosi, munthu wa ana asanu ndi matchera awiri. Kenaka anavula chipewa pamaso pa mwana wa mkulu wawo, amene anamunyamulapo ali khanda.

"Zaina, matchera onsewa afuna anthu," anatero. "Ngati pali malo a wopalasa, ine ndilipo."

Mtsikanayo anayang'ana amayi ake, kenaka agogo ake. Anagwada monga amachitira mwana kwa kholo.

"Iyayi bambo aang'ono, inu simungapalase. Bwato muziongolera ndinu, nyanjayi mukuidziwa ndinu," anatero. "Koma nsomba zikafika pamtunda, wogawa ndikhala ine."